MUKAKHALA NDI GALIMOTO YAKALE, NDALAMA ZIYAMBIRE KUNSI KWAKE

Wolemba Mtolankhani Wathu, Chipata

Aliyense amene anaimapo m'mphepete mwa mseu wa ku Vubwi, wa ku Msoro kapena tinjira tolowa m'midzi ya ku Chipangali m'nyengo ya dzinja, akudziwa kuti mvula ikakhazikika magalimoto ang'ono-ang'ono a m'tauni amaleka kufika kumidzi. Imene imatsala pa mseu ndi galimoto yakale ija yokoka ndi mawilo onse anai, kaya ndi Land Rover, Land Cruiser kapena Hilux, imene kawiri-kawiri ili ndi zaka zambiri kuposa mnyamata woiyendetsa. Ndiyo imabweretsa feteleza mu Novembala, ndiyo imatulutsa nshawa, thonje ndi mpendadzuwa mu Juni, ndiyo imanyamula maliro, ndiponso ndiyo imene anthu amakagogodera usiku pamene mai wapakati wayamba kudwala. M'midzi yambiri galimoto yotere ili imodzi yokha. Ikafa, mudzi wonse umabwerera pa ngolo ndi pa njinga.

Tsono sabata ino tifuna kulankhula ndi inu eni ake a magalimoto amenewa, pamodzi ndi madalaivala anu. Tikudziwa kuti ndalama za mlimi zimabwera kamodzi pa caka, ndipo zikabwera zimapeza sukulu, feteleza ndi ngongole zikudikira pakhomo. Zimene zimatsalira galimoto ndi zocepa. Nanga Kwacha yoyamba ipite pati?

Yankho lake ine ndinaliphunzira m'dambo. Dzinja lina ndinali kubwerera ku Chipata kucokera ku msonkhano wa alimi, ndipo ndinapempha malo pa Land Cruiser ya mlimi wina wa fodya. Inali galimoto yoti ukaiona umaceuka kawiri. Kutsogolo inali ndi citsulo cacikulu copakidwa utoto wakuda, pamwamba nyali zinai zowala kwambiri, m'kati wailesi yomveka mpaka mudzi waciwiri, ndipo matayala ake anali aakulu kuposa amene inabwera nawo. Kumbuyo tinakwera anthu oposa khumi pamwamba pa matumba a cimanga, ndipo pakati pathu panali mai wina ndi mwana wake wamng'ono amene thupi linali moto ndi malungo. Titalowa m'dambo lina capakati pa ulendo, injini inayamba kutsokomola, mphamvu inatha, kenaka inazima. Dzuwa linali litapendeka. Tinakankha, tinapuma, tinakankhanso, koma sinalire ai. Potsiriza abale a mai uja anakabwereka ngolo m'mudzi wapafupi, ndipo mwana wodwala anayenda usiku ndi ng'ombe kufikira ku mseu waukulu. Ife tinagona pa matumba, udzudzu ukutidya.

M'mawa kunabwera makanika pa njinga ya moto, ndipo nchito yake sinathe ndi theka la ola. Anamasula fyuluta ya dizilo naikhuthulira m'cibekete, ndipo munatuluka madzi ofiira osakanikira ndi matope. Mwini galimoto anavomera mwamanyazi kuti ciigulire galimotoyo anali asanasinthepo fyulutayo, ndiponso kuti dizilo wake wambiri anali kugula wa m'zigubu. Mtengo wa fyuluta yatsopano sunafike ngakhale pa mtengo wa nyali imodzi mwa zinai zija. Akulu-akulu anati cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

ANAPANGIDWA KUTI AKHALITSE

Magalimoto amenewa si acilendo kwa ife. Land Rover yoyamba inatuluka ku Britain mu 1948, ndipo makolo athu anaidziwa tauni ino ikali ndi dzina lakuti Fort Jameson, pamene inali galimoto ya bwana DC, ya apolisi, ya amishoni ndi ya alangizi a zaulimi. Ufulu utabwera mu 1964 inapitiriza nchito m'Boma lathu, ndipo akulu ambiri akumbukira Land Rover ya a Information imene inali kufika m'midzi madzulo ndi kanema. Mtundu wa Series III unapangidwa kuyambira 1971 kufikira 1985. Dzina lakuti Defender linabwera mu 1990, ndipo Defender yakale yotsiriza inatuluka m'fakitale ya ku Solihull mu Januwale 2016. Kumbali ya Toyota ya ku Japan, Land Cruiser ya mtundu wa 40 inayamba mu 1960, ndipo mtundu wa 70 umene unalowa m'malo mwake mu 1984 ukali kupangidwa mpaka lero. Injini yake yochuka ya dizilo, 1HZ, ya masilinda 6 ndi malita 4.2, inayamba mu 1990.

Zaka zimenezi tazichula kuti muone cinthu cimodzi: Series III yotsiriza yakwanitsa kale zaka 40, koma ina ikali pa mseu. Pitani ku Mfuwe mukaone magalimoto amene amatenga alendo kukaona nyama m'nkhalango ya South Luangwa. Ambiri ndi akale ndithu, ndipo amayenda m'fumbi ndi m'mcenga m'mawa ndi madzulo, komabe amalira bwino, kaamba kakuti ali ndi anthu amene amalowa kunsi kwake kawiri-kawiri. Magalimoto akalewa alibe makompyuta. Sipanala, jeki ndi maso a munthu ndi zokwanira. Zimene zimawapha kuno kwathu ndi fumbi, madzi, kutentha ndi katundu wopyola muyezo. Zonsezi zimaononga kunsi ndi m'kati, kumene munthu wodutsa pa mseu saona, ndipo ndiko ndalama ziyenera kuyambira.

FUMBI NDI DIZILO WAUVE

Tiyambe ndi fumbi, popeza kuyambira Meyi kufikira Okutobala ndilo timapuma. Injini nayo imapuma, ndipo pa lita imodzi ya dizilo imameza mpweya wa malita zikwi zambiri. Fumbi likalowa nawo limasakanikira ndi oilo n'kukhala ngati mwala wonolera mpeni. Limadya maring'i ndi masilinda pang'ono-pang'ono, kufikira galimoto itayamba kufuka utsi ndi kumwa oilo ngati madzi. Land Rover za Series zili ndi cosefera mpweya ca oilo: mumamasula mbale ya pansi, kutaya oilo wakuda, kutsuka ndi palafini, ndi kuthira oilo watsopano wa injini kufika pa mzere wake. M'cilimwe citani zimenezi sabata iliyonse ngati galimoto iyenda tsiku ndi tsiku. Toyota zambiri zili ndi fyuluta ya pepala. Imeneyo igogodeni mofatsa kuti fumbi ligwe, osaitsuka ndi madzi pokhapokha ngati inalembedwa kuti ndi yotsuka. Ndipo ikabooka ngakhale kabowo ka singano, itayeni. Muyang'anenso paipi ya mphira yocokera ku fyuluta kupita ku injini. Ndaonapo anthu akugula fyuluta yabwino pamene paipiyo inang'ambika kale-kale kunsi kwake, ndipo fumbi lonse likulowera pamenepo.

Oilo wa injini yakale yoyenda m'fumbi asinthidwe pa makilomita 5,000 alionse, pamodzi ndi fyuluta yake. Ena amaganiza kuti makilomita 5,000 ndi ambiri, koma galimoto yoyenda makilomita 100 pa tsiku imafika pamenepo m'masiku 50 cabe. Kuonjezera oilo akacepa si kusintha oilo ai, pakuti zonyansa zakale zimatsalira momwemo. Injini za dizilo zimenezi zimayenda bwino ndi oilo wa 15W-40, ndipo za petulo zakale ndi 20W-50. Gulani wa m'cigubu cosatsegula. Oilo wogulitsidwa m'mabotolo otsegula m'mbali mwa mseu palibe angakuuzeni kumene wacokera, ndipo wina amakhala wakale wongosefedwa.

Za dizilo tinene zoona. Boma litacotsa thandizo pa mitengo ya mafuta mu Disembala 2021 mtengo unakwera, ndipo mu 2022 bungwe la ERB linayamba kulengeza mitengo mwezi ndi mwezi. Kucokera pamenepo munthu akamva za dizilo wochipa wa m'zigubu mtima umapita komweko. Tikudziwanso kuti wokhala kutali ndi tauni sangafike ku filing'i sitesheni tsiku lililonse. Koma dizilo wosungidwa m'mgolo wadzimbiri, wogwera mvula kapena wosakanizidwa ndi palafini amaononga pampu ndi mainjekitala, ndipo zimenezo sizikonzeka pansi pa mtengo wa mango. Zimafuna makina ake ndi ndalama zambiri. Mukabwera ku Chipata, gulani dizilo pa sitesheni m'zigubu zanu-zanu zoyera ndi zotseka bwino. Kumudzi cigubu cigone usiku osacigwedeza kuti madzi ndi zinyalala zikhale pansi, thirani m'thanki kudzera pa nsalu yoyera, ndipo wotsalira pansi musamuthire.

Pano ndi pamene pali coonjezera coyamba cimene ndingalimbikitse munthu aliyense. Magalimoto ambiri a dizilo ali ndi kabotolo kolekanitsa madzi ndi dizilo, kamene kali ndi kotsegulira kunsi. Tsegulani sabata iliyonse, madzi atuluke. Ngati galimoto yanu ilibe, kapena kanafa, uzani makanika aikepo katsopano pakati pa thanki ndi fyuluta, makamaka ka galasi koonekera m'kati. Fyuluta ina ya sipeya ikhale kuseri kwa mpando nthawi zonse, ndipo dalaivala aphunzire kuisintha ndi kutulutsa mpweya m'mapaipi. Akanadziwa zimenezi mnyamata wa tsiku lija, mwana wodwala sakanakwera ngolo.

OKUTOBALA NDI LADIYETA

Mwezi wa Okutobala ndi umene umayesa ladiyeta. Ku cigwa ca Luangwa kutentha kumapyola madigiri 40, ndipo galimoto yokwera zitunda kucokera ku Mfuwe kubwera ku Chipata italemedwa ndi katundu imatuluka thukuta ngati munthu. Maladiyeta ambiri a kumidzi sanafe. Anangotsekeka ndi njere za udzu, agulugufe ndi matope. Atsukeni ndi madzi kuyambira kumbali ya injini kutulukira kutsogolo. M'kati thirani madzi a mvula kapena madzi oyera osakaniza ndi mankhwala ake a ladiyeta, pakuti madzi a m'dambo ali ndi matope, ndipo a m'zitsime zina ali ndi mcere umene umaundana m'timapaipi. Pali cizolowezi cocotsa kacitsulo kochedwa themositati galimoto ikayamba kuwira. Kutero ndi kubisa matenda cabe, ndipo m'mawa wa Juni ndi Julayi injini imayenda yozizira, kumwa mafuta ambiri ndi kutha msanga. Civundikiro ca ladiyeta cikatha mphira cisintheni, lamba wa fani wa sipeya asasowe, ndipo ngati geji ya kutentha inafa, imeneyo ikonzeni musanagule wailesi. Galimoto ikawira imani. Musatsegule civundikiro, ndipo musathire madzi ozizira m'injini yotentha, pakuti mutu wa injini umang'aluka.

Pali lamba wina amene saoneka, wobisika kutsogolo kwa injini, amene amayendetsa mavavu. Ali mu injini ya 1HZ, mu 2L, 3L ndi 5L za Hilux, ndiponso mu 200Tdi ndi 300Tdi za Land Rover. Pa Toyota zakale amasinthidwa pa makilomita 100,000, ndipo pali kanyali kolembedwa T-BELT kamene kamayaka kukumbutsa mwini wake. Lamba ameneyu akaduka galimoto ikuyenda, mavavu amaombana ndi mapisitoni, ndipo ndalama za fodya za caka conse zimathera pamenepo. Mukagula galimoto kwa munthu wina musakhulupirire mau akuti anasintha posacedwa. Sinthani nokha, ndipo lembani makilomita ake ndi utoto pa civundikiro. Injini yakale ya Land Rover ya malita 2.25 ili ndi cheni m'malo mwa lamba, cotero eni ake pamenepa angapumeko.

MITSINJE, MATOPE NDI FETELEZA

Walira mvula walira matope. Dzinja likafika, Lupande, Msandile, Lutembwe ndi timitsinje tambiri topanda ulalo timadzaza m'maola ocepa. Pamwamba pa difu iliyonse pali kabowo kopumira. Galimoto ikamayenda difu imatentha, ndipo ikalowa mwadzidzidzi m'madzi ozizira mpweya wa m'kati umafota, kabowo kaja n'kuyamwa madzi. Oilo amasanduka woyera ngati thobwa, ndipo mabelingi ndi mano a difu amayamba kudyeka mwakacetecete kufikira tsiku limene difu idzalira pakati pa chire. Mankhwala ake ndi ochipa zedi: paipi yopyapyala ya mamita owerengeka, yolumikizidwa pa kabowo kaja ndi kukwezedwa mpaka pansi pa boneti, kumene madzi safika. Makanika aliyense angathe nchitoyo masana amodzi. Komabe mukaoloka madzi akuya, tsegulani bawuti ya difu muone mtundu wa oilo. Madifu amafuna oilo wolemera wa EP90, ndipo pa Series oilo yemweyo amalowanso m'giyabokosi. Koma giyabokosi ya Defender imafuna oilo wopepuka, cotero funsani musanathire.

Pa kuoloka kwenikweni akulu anatisiyira kale malangizo: linda madzi apite ndipo uziti ndadala. Munthu ayambe waoloka ndi ndodo. Ngati madzi athamanga ndipo amupyola m'maondo, galimoto idikire, ngakhale okwera adandaule motani. Injini ya dizilo ikameza madzi, zitsulo za m'kati zimapindika nthawi yomweyo. Paipi ija yokwezera mpweya pamwamba m'mbali mwa galasi ndi yabwino, makamaka kaamba kakuti kumwambako fumbi limacepa, koma siisandutsa galimoto kukhala bwato. Mukatuluka m'madzi yendani pang'ono-pang'ono phazi lili pa mabuleki kuti aume.

Cida cimene ndingafune kuciona m'nyumba ya mwini galimoto aliyense ndi pampu ya girisi. Makolosi a shafuti ya pulopela, mfundo za ciongolero ndi malo onse amene ali ndi kansonga ka girisi apopedwe mwezi uliwonse, ndiponso tsiku lililonse limene galimoto yasambira m'madzi kapena m'matope. Popani kufikira girisi watsopano atakankhira kunja wakale. Kenaka tsukani matope kunsi. Eni ake a Land Rover amanyadira kuti thupi lake ndi la aluminiyamu ndipo silicita dzimbiri, zimene zili zoona, koma chesisi yake ndi citsulo wamba, ndipo imaola kuyambira m'kati, makamaka kumbuyo ndi pamene pamangiriridwa masipuling'i. Ndipo pali mdani wina amene anthu samuganizira, ndiye feteleza. Urea ndi Compound D zikatayikira m'bodi ndi kunyowa zimadya citsulo mofulumira. Yalani tenti pansi musanapakire, ndipo mukatsitsa matumba tsukani tsiku lomwelo.

MATUMBA 20

Tsopano tifike pa nkhani imene eni magalimoto sakonda kuimva. Pikapu ya Land Cruiser kapena Hilux inapangidwa kuti inyamule katundu wa pafupi-fupi tani imodzi, ndipo Land Rover yaitali ya Series imacepera pang'ono pamenepo. Tani imodzi ndi matumba 20 a makilogalamu 50. M'masiku a NAMBOARD, pamene thumba la cimanga linali la makilogalamu 90, anali matumba 11 cabe. Koma m'nyengo yopita ku madepoti a FRA timaona matumba owirikiza kawiri pamenepo, ndi anthu pamwamba pake. Ndipo anthu akulu khumi amalemera ngati matumba ena 12. Mwini wake amawerenga ndalama za ulendo umodzi, n'kuiwala kuwerenga sipuling'i, belingi ndi tayala zimene ulendowo wadya.

Ambiri amaonjezera masamba pa masipuling'i. Tsamba limodzi pa sipuling'i yotopa lilibe colakwa, limakweza galimoto ndi kuiletsa kugunda pansi. Koma mudziwe kuti tsambalo sililimbitsa ekiselo, mabelingi, mabuleki kapena chesisi. Katundu amene sipuling'i yakana kuthyoka naye amakathyola cina. Tsamba likathyoka musaliwocherere, cifukwa moto umacotsa kulimba kwa citsulo ndipo lidzathyokanso pambali pa cilonda. Funani tsamba lina, ngakhale lakale. Mabawuti a U amene amamanga sipuling'i ku ekiselo amamasuka ndi miseu yathu ya mabampu, cotero amangeni mwezi ndi mwezi, pamodzi ndi manati a mawilo. Mabushi a mphira akatha galimoto imagogoda ndi kuyenda copendekera, ndipo mtengo wake sufika pa wa tayala limene adzadye mukawasiya.

Matayala aakulu ndi otambalala amakongoletsa galimoto, koma ine sindiwakhulupirira. Amalemetsa ciongolero, amaonjezera mafuta, amatalikitsa mtunda woimira, ndipo pa Land Rover ya Series amafulumiza kuthyoka kwa mahafu shafuti a kumbuyo, amene ngakhale kale ndi ofooka, kotero kuti madalaivala akale sanali kuyenda ulendo wautali opanda ya sipeya. Tayala lakale lija la 7.50-16 limadula matope kufika pa nthaka yolimba, limapezeka mosavuta, ndipo limakonzeka kumudzi. Onse anai akhale a saizi imodzi. Ngati mugula tayala logwirapo nchito, yang'anani manambala anai otsiriza pambuyo pa zilembo za DOT: awiri oyamba ndi sabata, awiri otsiriza ndi caka. Mwacitsanzo 2319 ndi sabata ya 23 ya caka ca 2019. Tayala lingakhale ndi mano abwino koma mphira wake unakalamba ndi kung'ambika m'mbali. Cenjezo lina ndi la malimu aja a mphete a Land Cruiser: mpheteyo ikapanda kukhala bwino imauluka popopa ndipo yaphapo anthu. Popani tayala lili kunsi kwa galimoto kapena litamangidwa ndi cheni, nkhope yanu ili kutali.

Za mabuleki sitifuna kunena zambiri, pakuti aliyense amene anatsikapo mapiri a pakati pa Nyimba ndi ulalo wa Luangwa akudziwa. Mafuta a mabuleki asinthidwe pa zaka ziwiri zilizonse cifukwa amayamwa cinyontho, ndipo m'malo mwake musathire madzi a sopo kapena cina ciliconse. Kutseka paipi ya wilo imodzi ndi msomali kungakufikitseni ku galaja, koma amene amayenda nako mwezi wathunthu atanyamula anthu akusewera ndi miyoyo ya ana a eni ake. Potsika phiri gwirani galimoto ndi giya yaing'ono.

Pali zina zimene sizifuna ndalama konse. Mahabu a kutsogolo atsekeni musanalowe m'matope, osati mutatitimira kale. Mukafika pa tara cotsani fowilo, kapena pa Defender masulani loko ya pakati, pakuti pa mseu wolimba magiya amapotana. Kamodzi pa mwezi, ngakhale m'cilimwe, yendani makilomita ocepa mahabu atatsekedwa kuti oilo azungulire difu ya kutsogolo. Batire limangidwe kuti lisavine, nthambo ya ethi ikhale yoyera ndi yothina, ndipo fyuzi ikapsa muikepo fyuzi inzake. Waya kapena pepala la ndudu m'malo mwa fyuzi zatenthetsa magalimoto ambiri.

POGULA MASIPEYA

Masipeya a magalimotowa amapezeka ku Down Shops ndi ku Kapata, ena amacokera ku Lusaka, ndipo ena amakawagula ku Lilongwe, kumene kuli pafupi ndi Chipata kuposa likulu lathu. Opita kumeneko akumbukire kuonetsa katundu wao kwa a ZRA pa Mwami. Masiku ano sipeya imodzi imakhala ya mitundu itatu kapena inai, m'mabokosi ofanana, pa mitengo yosiyana. Malangizo anga ndi akuti musiyanitse. Citseko, galasi, limu, tsamba la sipuling'i, ngakhale sitata, zingakhale zocokera ku galimoto ina yakufa, ndipo kawiri-kawiri citsulo cakale ceniceni cimaposa catsopano cochipa. Koma lamba wa mavavu, mphira za mabuleki, mfundo za ciongolero ndi mafyuluta, pamenepo gulani zabwino zimene thumba lanu lingathe. Tengani sipeya yakale popita ku sitolo, ndi nambala ya injini ndi ya chesisi pa kapepala, kuti musabwerere kawiri.

Makanika akhale mmodzi amene aidziwa galimoto yanu ngati mwana wake, ndipo pokonza inu mukhalepo, muone cimene cacotsedwa ndi cimene calowa. Ngati m'banja muli mnyamata kapena mtsikana wa manja abwino, ku Chipata Trades Training Institute amaphunzitsa umakanika wa magalimoto. Mudzi wokhala ndi galimoto uyeneranso kukhala ndi munthu wodziwa sipanala.

Gulaninso kabuku ka sukulu kakhale m'galimoto. Mulembemo tsiku, makilomita, dizilo amene mwathira, oilo, girisi, cimene mwasintha ndi ndalama zimene zalowa. Pakapita miyezi itatu kabukuko kadzakuuzani ngati galimoto yayamba kumwa mafuta ambiri, ndiponso ngati malipiro amene mumalipiritsa anthu akukwanira. Pa ulendo uliwonse patulani gawo la galimoto musanadye kanthu, ndipo ndalama zimenezo zisakhudzidwe ngakhale pa Nc'wala kapena pa Kulamba. Mwezi woyenera nchito yaikulu ndi Seputembala kapena Okutobala, ndalama zokolola zikalipo ndipo mvula isanayambe. Pamenepo ndi pabwinonso kuona mapepala: msonkho wa mseu, inshuwalansi ndi fitinesi ya ku RTSA, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la pa mseu la 2002. Zimene amayesa kumeneko, mabuleki, ciongolero, matayala ndi nyali, ndi zomwezo zimene inu muyenera kuziyesa panokha Loweruka lililonse.

Mlimi wa fodya uja ndinakumana nayenso m'cilimwe cotsatira pa Saturday Market, akutsitsa matumba a nshawa za Chalimbana. Anandiuza kuti mwana uja anacira, koma kuti mudzi wonse unamunena mwezi wathunthu. Nyali ziwiri za pamwamba anali atazigulitsa kwa mnyamata wina wa minibasi, ndipo matayala aakulu atatha anabwerera ku 7.50. Asanandilole kupita anandikokera ku boneti kuti ndione kabotolo ka galasi kamene anaikitsa, natsegula kunsi kwake. Munatuluka madzi okwana supuni ziwiri, a sabata imeneyo yokha.